Injini ya kandege ikuzima m'mwamba thanki ili theka: vuto lili pati?

Funso: Ndili ndi kandege koulutsa ndi rimoti, ka mapiko a pamwamba, kokhala ndi injini ya glow (yoyatsa mafuta ndi kawaya kotentha ka m'pulagi) ya two-stroke, saizi .46. Pansi imalira bwinobwino, koma ndikauluka mphindi zinayi kapena zisanu imangozima, makamaka ndikamakwera. Ndikatera ndimapeza thanki ili pafupifupi theka. Nthawi zina imazimanso pansi ndikawonjezera moto mwadzidzidzi itakhalitsa pa idle (kulira pa moto wotsikitsitsa). Ndasintha pulagi kawiri, ndapotokola singano yolamulira mafuta pa kabuleta uku ndi uku, koma palibe chasintha. Kodi injiniyi yatha?

Yankho: Ayi achimwene, injiniyo musaitaye. Injini yotheratu imayamba kuvuta pansi pomwe: kuiliza kumakhala nkhondo, ikatentha imakana kuliranso, ndipo pa idle siikhazikika. Yanuyi ikulira bwino pansi, n'kumakazima m'mwamba pa nthawi yofanana ulendo uliwonse, mafuta akadalimo. Imeneyo ndi injini yamoyo imene ikumanidwa mafuta. Ndikuonanso kuti mavuto muli nawo awiri osiyana, la m'mwamba ndi la pa idle. Tisawaphatikize, chifukwa kuwaphatikizako ndi kumene kwakuchititsani kuti muzingopotokola singano osadziwa chimene mukuthamangitsa.

Mawu amene andikoka m'funso lanu ndi akuti thanki mumaipeza ili theka. Tiyambire pamenepo. Singano ndi pulagi zisiyeni kaye.

M'kati mwa thanki muli kapaipi kofewa ka silikoni, ndipo kunsonga kwake kuli kachitsulo kolemera kotchedwa clunk. Ntchito ya clunk n'kutsatira mafuta kulikonse kumene apita. Ndege ikakwera, iyo imakhala kumbuyo kumene mafuta athawira. Ndege ikagadama, iyo imagwera kudenga kwa thanki pamodzi ndi mafutawo. Kapaipiko kamavekedwa pa kachubu ka mkuwa kodutsa pa chotsekera cha thanki, ndipo m'mathanki ambiri chotsekeracho chimakhala chapakatikati pa khoma lakutsogolo. Pamene silikoni wakumana ndi mkuwa ndi pamene pamapindika nthawi zonse clunk ikamayendayenda. Ngati kukamwa kwa kachubuko kunatsala kwakuthwa pamene ankakadula, kamadya silikoni pang'onopang'ono mpaka pamabwera kamng'alu kakang'ono kosaoneka ndi maso mukapanda kukoka kapaipiko. Thanki ikadzaza, kamng'aluko kamakhala komira, ndiye kamangoyamwa mafuta ndipo simudziwa kanthu. Mafuta akatsika kufika chapatheka, kamatulukira pamtunda n'kuyamba kuyamwa mpweya, monga zimakhalira mukamamwa madzi ndi kapaipi kobooka pakati. Mukakweza mphuno ya ndege mafuta onse amathamangira kumbuyo, kutsogolo kumene kuli kamng'aluko kumauma msanga, ndipo injini imazima. Zimenezi zikugwirizana ndi chilichonse chimene mwalemba: nthawi yofanana, kuzima pokwera, thanki ya theka, komanso kulira bwino pansi, poti pansi mumayesa thanki mutangoidzaza kumene.

Mbale wake wa vutoli ndi clunk yopindikira kutsogolo. Ndege ikatera mwamphamvu kapena kugunda pansi ndi mphuno, clunk imaponyedwa kutsogolo, kapaipi kake n'kupindika, iyo n'kukakamira kumeneko. Ikatero imamwa bwino thanki ikakhala yodzaza kapena ndege ikakhala yowongoka, koma pokwera imatsala pouma. Nyamulani ndege, muiimike mphuno kumwamba, muigwedeze ndipo mumvetsere. Clunk yomasuka imamveka ikugogoda makoma a thanki chakumbuyo. Mukapanda kuimva, kapena mukaimva chakutsogolo, mwapeza poyambira. Onaninso kuti isakhale yaitali mpaka kukhudza khoma lakumbuyo, chifukwa injini ikamakoka mwamphamvu clunk imatha kudzimata pakhomapo n'kudzitseka yokha. Pazikhala mpata wa mamilimita angapo, asanu kapena kuposerapo pang'ono.

Musanamasule chilichonse, vutoli mungathe kulibweretsa pansi kuti mulione ndi maso. Thirani mafuta theka la thanki lokha. Lizani injini, ipatseni moto wonse, ndipo mnzanu wodalirika anyamule ndegeyo mphuno italoza kumwamba kwa masekondi khumi kapena khumi ndi asanu, inu mukuyang'ana paipi yopita ku kabuleta. Nonse mukhale kumbuyo kwa pulopela. Mukaona timathovu ta mpweya tikuyenda mondondozana m'paipimo, makamaka ngati tinalibemo ndege ili chogona, nkhani yatha: tulutsani thanki. Ndimadabwa kuti anthu ambiri amayesa zimenezi thanki ili yodzaza basi, pomwe injini zawo sizizima thanki ili yodzaza.

Mukaitulutsa, musataye nthawi kufunafuna pamene pabooka. Sinthani mapaipi onse a silikoni, am'kati ndi akunja, chifukwa ngati imodzi yakalamba zinzake nazonso zakalamba. Palani kukamwa kwa timachubu ta mkuwa kuti kusalale. Yang'anani timachubuto bwino, poti nthawi zina timang'aluka chotalika, makamaka pamene anatipinda. Mukamanga, tsekani mapaipi onse kusiya imodzi, mizani thanki m'madzi, muuziremo mpweya pa paipi yotsalayo ndi pampu kapena jekeseni yopanda singano. Thovu lililonse lotuluka pa chotsekera kapena pa msoko wa thanki likuuzani pamene pakudontha. Musauzire ndi pakamwa, chifukwa methanol amene ali m'mafutawa ndi poizoni. Sikuluwu ya chotsekera imangeni mpaka igwire bwino, koma mukaipyoza muyeso imang'amba khosi la thanki.

Kuti mumvetse chifukwa chake tinthu tating'ono chonchi timazimitsa injini, kumbukirani kuti injini zambiri za mtundu wanuwu zilibe pampu ya mafuta. Mafuta amafika ku kabuleta ndi mphamvu ziwiri zofooka. Yoyamba ndi kukoka kwa mpweya umene ukuthamanga pakhosi pa kabuleta. Yachiwiri ndi utsi wochokera ku muffler (chitsulo chotulukira utsi chochepetsa phokoso), umene umadutsa m'paipi ina n'kukakankha mafuta m'thanki. Paipi ya ku muffler imeneyi anthu amaiiwala, koma ikabooka, ikavuka, kapena kabowo kake ka pa muffler kakatsekeka ndi oyilo wopserera, injini imalirabe pansi koma imalephera kukweza mafuta ndege ikaloza kumwamba. Pisani kawaya pa kabowoko, muone ngati n'kotseguka. Onaninso mabawuti a muffler, chifukwa muffler yogwedera imataya mphamvu yokankhayo.

Malo amene thanki yakhala nawonso ali ndi mbali yake. Pakati pa thanki payenera kulingana ndi pamene mafuta amatulukira m'kabuleta, kapena kutsikirapo pang'ono chabe, ndipo thanki ikhale pafupi ndi injini mmene mungathere. Ikatsika kwambiri, kusiyana kwa thanki yodzaza ndi ya theka kumakula, moti singano imene inali bwino ponyamuka imakhala yoperewera pakati pa ulendo. Thankiyo izunguliridwenso ndi siponji yofewa, isamakhudze matabwa a ndege mwachindunji. Kunjenjemera kwa injini kukalowa m'thanki mafuta amachita thovu, ndipo clunk imamwa thovulo m'malo mwa mafuta. Thovu limachuluka mafuta akachepa, choncho nalonso limakonda kuonekera thanki ikafika theka. Pulopela yolemera mbali imodzi ndi imene imakulitsa kunjenjemeraku.

Tsopano tibwere ku singano yaikulu, yolamulira mafuta injini ikakhala pa moto wonse, chifukwa ngakhale mukonze thanki, ndikukayikira kuti pambuyo pa kupotokola konse kuja ili pamalo pake. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti munthu amalowetsa singano mpaka injini ilire mokweza kwambiri, n'kukondwa ndi kulira kumeneko, n'kuulutsa. Pansi zimamveka zokoma. Koma m'mwamba zinthu zimasintha: pulopela imapepukidwa ndege ikathamanga ndipo injini imazungulira mofulumirirapo, mafuta amatsika m'thanki, ndipo pokwera injini imayenera kuwakoka kuchokera kumunsi. Zonsezi zimakankhira mbali imodzi, ya kuchepa kwa mafuta. Ngati munanyamuka muli kale pamalire, mphindi zochepa zokha zikwanira kuti mudutse malirewo. Ndipo pa injini ya glow, kuchepa kwa mafuta ndi kuchepanso kwa oyilo, chifukwa oyilo amabwera wosakanizidwa m'mafuta momwemo. Injini imatentha, mphamvu imagwa, kenako imazima, ndipo ulendo uliwonse wotero umadya pisitoni ndi silinda.

Chitani chonchi. Bwezerani singano pamene buku la injini yanu likunena kuti muyambire. Lizani injini, itenthe kaye, ndipo ipatseni moto wonse. Poyamba izimveka yolemera, ikutulutsa utsi wambiri. Lowetsani singano dzino limodzi kapena awiri pa nthawi (dzino ndi kugunda kumodzi kumene mumamva poipotokola), mukudikira masekondi angapo kuti injini iyankhe, chifukwa siiyankha pompopompo. Liwiro lidzakwera mpaka pamene kulowetsanso sikuwonjezera kanthu. Pamenepo ndiye pansonga, ndipo si pouluka napo. Tulutsani singano mpaka mumve liwiro litatsikako pang'ono. Ngati muli ndi kachipangizo koyezera, kutsika kwake kukhale pafupifupi 300 rpm (maulendo amene injini imazungulira pa mphindi). Kenako tsinani paipi ya mafuta kamodzi n'kusiya msanga. Injini yoikidwa bwino imakweza liwu pang'ono n'kubwerera. Ikagwa mphamvu nthawi yomweyo, mafuta akuchepabe. Malizani ndi kuyesa kwa mphuno kumwamba kuja: liwiro likhale pomwepo kapena likwereko pang'ono, lisagwe. M'mwamba muziona kamzere ka utsi kumbuyo kwa ndege. Utsi ukasowa, terani.

Singanoyi siikhala malo amodzi chaka chonse. Mpweya wozizira ndi wothinana, ndiye umafuna mafuta ochulukirapo. Tsiku lotentha, kapena malo okwera kwambiri, mpweya umakhala wopepuka ndipo mafuta amafunika kuchepetsako. Koma kusintha kumeneku ndi kwa mano awiri kapena atatu. Mukaona kuti mukufunika kupotokola theka la mzungulire kapena kuposa kuti injini ya dzulo ilire lero, si nyengo imeneyo. Pali pena pamene pabooka kapena patsekeka.

Ulendo wina ikadzazima, mudzatchere khutu ku masekondi omaliza, chifukwa kafedwe kake kamanena zambiri. Injini yoperewera mafuta imayamba yakweza liwu, kulira mowuma, kenako mphamvu imafwifwa ndipo imazima, ndipo mukaikhudza mutangotera imakhala yotentha mopitirira. Yochulukirwa mafuta imachita ngati ikutsamwa, kulira modukizaduka, utsi uli tolotolo, ndipo kawirikawiri imafa mukakhalitsa pa moto wochepa kapena pamene mukuwonjezera moto. Imene imangoti zii kamodzin'kamodzi ili pa liwiro lake, osadandaula, nthawi zambiri ndi pulagi yaduka, paipi yavuka, kapena thovu lalikulu la mpweya lafika pa kabuleta.

Za pulagi mwachita bwino kusintha, koma pulagi pano ndi mboni chabe, si wolakwa. M'kati mwake muli kawaya kopota kokhala ndi platinum. Poliza injini mumakayatsa ndi batire ya mavoti 1.2 mpaka 1.5, ndipo mukachotsa batire kamapitiriza kuyaka chifukwa cha kutentha kwa m'silinda komanso chifukwa platinum ikakumana ndi nthunzi ya methanol imatentha yokha. Kawayako ndi kamenenso kamasankha nthawi imene mafuta ayakire. Injini ikaperewera mafuta imatentha, moto umayaka msanga kuposa nthawi yake, ndipo kawaya kamalandira nkhonya imeneyo. Tengani mapulagi awiri amene munachotsa aja muwayang'ane. Kawaya kabwino kamakhala konyezimira, kopota bwino, kali pakati. Kakakhala kotuwa ngati kathiridwa phulusa, katopa, ngakhale kaziyakabe pa batire. Kakakhala kopindika, kokankhidwira m'kati kapena koduka, injini inkayenda yowuma, ndiye kuti yoperewera mafuta, kapena yotentha kwambiri, ndipo pulagi yachitatu idzafanso chimodzimodzi mukapanda kukonza gwero. Mukaona tizitsulo tomatirira pa kawayako, ndiye nkhani ina, ya mabering'i, imene ndibwerekonso.

Kuyesa kosavuta n'kwakuti, injini ili pa idle, chotsani batire ya pulagi mukumvetsera. Kutsika pang'ono kwa liwiro n'kwachibadwa. Ikatsika kwambiri kapena kuzima, pulagiyo yatopa, kapena ndi yozizira kwambiri kwa injini ndi mafuta anu, kapena mafuta akuchuluka pa idle. Mapulagi amasiyana kutentha kwake. Pa two-stroke ya saizi yanu ndi mafuta wamba, pulagi yapakatikati monga No. 8 ya kampani ya OS ndi imene anthu ambiri amayambira, pomwe Type F ya kampani yomweyo anaipangira injini za four-stroke. Musaiwale kawasha ka mkuwa ka pansi pa pulagi.

Vuto lanu lachiwiri, lozima mukawonjezera moto, lili ku singano yaing'ono, ya liwiro lotsika. Imeneyi muikhudze pokhapokha thanki mwakonza ndipo singano yaikulu mwaikhazika, apo ayi mudzakhala mukukonza chinthu chimene chikusunthasuntha. Siyani injini pa idle kwa masekondi makumi awiri kapena makumi atatu, kenako tsegulani throttle, chowonjezerera moto pa kabuleta. Ikatsamwa, kulavula mafuta ndi utsi, n'kuzima kapena kudzuka mochedwa, mafuta akuchuluka: pa idle amaunjikana m'mimba mwa injini, ndipo mukatsegula amakhuthukira onse pa pulagi n'kuiziziritsa. Ikangoduka mawu nthawi yomweyo, popanda utsi, mafuta akuchepa. Mawu anu akuti imazima itakhalitsa pa idle akundipangitsa kuganiza za kuchuluka, chifukwa kuunjikana kumafuna nthawi. Tsimikizani potsina paipi pafupi ndi kabuleta injini ili pa idle, osasiya. Yoikidwa bwino imalirabe masekondi atatu kapena anayi, kukweza liwu pang'ono, n'kuzima. Ikathamanga kwambiri n'kupitiriza nthawi yaitali, mafuta ndi ambiri. Ikafa nthawi yomweyo osakweza liwu, ndi ochepa.

Singano yaing'onoyi siifuna dzanja lolemera. Potokolani gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a mzungulire, yesani, kenako muonenso. Zimitsani injini posintha, chifukwa singanoyi imakhala pafupi kwambiri ndi pulopela. Dziwaninso mtundu wa kabuleta yanu musanayambe. Pa kabuleta ya singano ziwiri, monga ya OS 46 AX, kulowetsa kumachepetsa mafuta. Koma pali makabuleta ena, monga a OS LA, amene m'malo mwa singano yachiwiri ali ndi kabowo kolowetsa mpweya kutsogolo ndi kasikuluwu kokatseka. Pamenepo zinthu n'zotembenuka: kulowetsa kasikuluwuko kumatseka mpweya, ndiye mafuta amachuluka. Anthu ambiri asochera pamenepa. Chenjezo linanso n'lakuti pa kabuleta ya singano ziwiri, yaing'onoyo imalamulira mpaka chapakati pa throttle, kumene ndege za mapiko a pamwamba zimathera nthawi yambiri zikuuluka. Mukaifinya kwambiri pofuna idle yokongola, mudzabweretsa kuzima kwina m'mwamba. Ndipo idle yeniyeniyo musaitsitse mopikisana ndi wina. Pafupifupi 2,500 rpm ndi yabwino pa injini yotere; yodalirika imaposa yotsika.

Ngati mwachita zonsezi koma injini ikusinthasintha khalidwe, lero yowuma mawa yolemera singano musanaikhudze, funani mpweya wolowera pakhomo lolakwika pa injini penipeni. Pansi pa kabuleta pali kamphira kozungulira, ndipo kabuleta iyenera kukanikizidwa pa kamphirako pamene mukumanga. Chivundikiro chakumbuyo kwa injini chili ndi gasiketi kapena kamphira, ndipo mabawuti ake amamasuka ndi kunjenjemera. Mabawuti a pamutu pa silinda nawonso ayeseni, mukumanga modumphanitsa, pang'onopang'ono. Singano yaikulu ikamagwedera m'malo mwake ndiye kuti kamphira kake katha. Kachidutswa ka paipi ya silikoni kovekedwa pamene singano imalowera kamathandiza mpaka mutapeza katsopano. Fyuluta ya mafuta imene imamangidwa zigawo ziwiri nayonso imayamwa mpweya pa msoko wake ikamasuka.

Kutsekeka kumachita zofanana ndi kubooka. Kachitsotso kamodzi kokhala pansonga pa singano n'kokwanira. Chizindikiro chake n'chakuti mumatulutsa singano koma injini siilemera. Chotsani singano yonse, mupope mafuta oyera kudutsa m'kabuleta mbali zonse ziwiri. Ngati injini inakhala miyezi osalira ndipo mafuta anu ali ndi oyilo wa nsatsi, oyiloyo amauma n'kukhala phula m'tinjira ta kabuleta, ndipo kuviika mu methanol kumasungunula.

Mafuta enieniwo musawakhulupirire chifukwa choti chigubu chikuoneka bwino. Mbali yaikulu ya mafuta a glow ndi methanol, ndipo methanol amakoka chinyezi cha mumpweya. Chigubu chosiyidwa chotsegula, kapena chotsala pang'ono n'kukhala nthawi yaitali, chimamwa madzi, ndipo zotsatira zake ndi idle yosakhazikika, injini yozima mukachotsa batire, ndi singano yovuta kupeza malo ake. Njira yachidule ndi kupempha thanki imodzi ya mafuta atsopano kwa mnzanu, muone ngati khalidwe lisintha. Pa injini ngati yanu, nitro (mankhwala owonjezera mphamvu m'mafuta) wa 5 mpaka 15 peresenti ndi oyilo wa pafupifupi 18 mpaka 20 peresenti ndi zimene zimayenda bwino, koma mawu omaliza ndi a buku la injini yanu. Mafuta opangira timagalimoto ta glow kawirikawiri amakhala ndi oyilo wocheperapo, choncho musawathire m'ndege musanawerenge chigubu.

Za kutentha sindikhalitsapo, poti ndege za mtundu wanu zambiri injini yake imakhala pamtunda, mphepo ikuiwomba. Koma ngati yanu ili m'chivundikiro, potulukira mpweya wotentha pazikula kuposa polowera, apo ayi mpweya umangodzaza osayenda. Pulopela yaikulu mopitirira imalemetsa injini n'kuitenthetsa, ndipo pa injini ya .46 anthu ambiri amaika pulopela ya saizi 11x6 kapena zoyandikira pamenepo. Ndipo ngati injiniyi ndi yatsopano, ipatseni mathanki angapo monga buku likunenera musanayambe kuichepetsera mafuta, chifukwa injini zopanda ring pisitoni yake imakhala yothina kumtunda kwa silinda mwadala.

Osaiwala kuti nthawi zina injini siizima yokha, imazimitsidwa. Gwedezani kamkono ka throttle ndi chala muone ngati kakuseweraseweretsa, ndipo onani ngati kawaya kochokera ku servo (kamota kolamulidwa ndi rimoti) sikakupindika. Onani pa rimoti kuti throttle ikafika pansi kabuleta ikutsalabe ndi kampata, komanso kuti batani lozimitsira injini silili pamene chala chimaligunda mwangozi. Makina ambiri a rimoti a 2.4 GHz, ndege ikataya kulumikizana ndi rimoti, amabweza throttle pamalo amene munawaikira. Ngati malowo ndi otseka kotheratu, kuduka kwa kamphindi kochepa kumazimitsa injini. Chizindikiro chake n'chakuti injini imatsika bwinobwino ngati mwaitsitsa nokha, kenako n'kuzima. Mwa inu sindikuganizira zimenezi kwambiri, chifukwa wailesi siidziwa kuti thanki yafika theka, koma kuona sikutenga nthawi.

Zonse zikakanika, patulani injini ndi ndege. Imangeni pa thabwa lolimba, muike thanki ina yodziwika kuti ndi yabwino pa msinkhu woyenera, ndi mapaipi aafupi atsopano, muilize mpaka thanki ithe. Ikamaliza thanki yonse osadandaula, injini ilibe mlandu, bwererani ku ndege. Ikazimanso pamenepo, ndiye tiyang'ane m'kati. Zungulitsani pulopela ndi dzanja, batire ya pulagi itachotsedwa, injini ikadali yofunda: muzimva kukana kwamphamvu pisitoni ikamafika pamwamba. Ngati ikazizira imakana bwino koma ikatentha imangodutsa, pisitoni ndi silinda zatha, ndipo injini yotero imaziziradi mphamvu ikatentha m'mwamba. Mukamva kukhakhala ngati muli mchenga, kapena shafti ikugwedera, mabering'i achita dzimbiri. Oyilo wotuluka ku muffler akakhala wotuwa kapena wakuda ndi tizitsulo, pali zitsulo zimene zikudyana, ngakhale kuti nthawi zina amangokhala muffler yomasuka ikukhuzana ndi injini. Mabering'i amasinthika ndipo injini imabwerera mwakale. Kuti asachitenso dzimbiri, pomaliza kuulutsa tsiku lililonse chotsani mafuta m'thanki, lizani injini mpaka otsalira m'kati athe, ndipo muthiremo timadontho ta oyilo wosungira injini.

Chimene ndikukupemphani n'chakuti muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi. Mukasintha thanki, pulagi, mafuta ndi singano zonse tsiku limodzi, mwina ichira, koma simudzadziwa chimene chinali kudwala, ndipo ikapanda kuchira simudzadziwa chimene mwaonongeratu. Kwa inu, thanki ndi mapaipi ake ziyambe, singano yaikulu itsatire, yaing'ono pambuyo.

Posintha singano yaikulu injini ikulira, dzanja lizichokera kumbuyo kwa pulopela, ndipo pasakhale munthu kutsogolo kapena m'mbali mwake. Poliza gwiritsani ntchito sitata kapena kamtengo kokutidwa ndi mphira, osati chala. Ngati injini yamwa mafuta ambiri mpaka pulopela ikukana kuzungulira, musaikakamize ndi sitata, mungapinde ndodo ya pisitoni. Chotsani pulagi, muitembenuze, mafutawo atuluke. Kumbukiraninso kuti moto wa methanol suoneka bwino masana.

Ulendo woyamba mutakonza, musanayambe n'komwe kuuluka, lizani thanki yathunthu pansi, mukusinthasintha moto ndi kukweza mphuno nthawi ndi nthawi, makamaka mafuta akadutsa theka. Ikapirira pamenepo, nyamukani singano ili yolemererako dzino limodzi kapena awiri, kwerani pamwamba ndithu, ndipo muzizungulira pafupi ndi bwalo mpaka mutadutsa mphindi zisanu zija. Ikazimabe, tsitsani mphuno nthawi yomweyo kuti ndege isataye liwiro, fuulani kuti anzanu akupatseni bwalo, ndipo muitsetserekere kotera. Ndege ya mapiko a pamwamba imayandama bwino popanda injini. Ngati yazima muli pafupi ndi pansi mutangonyamuka, musayese kukhota kuti mubwerere. Terani kutsogolo komweko, ngakhale pa udzu. Mukaitola, musathire mafuta kapena kukhudza singano musanaone kuchuluka kwa mafuta otsala, ngati m'paipi muli mpweya, ndi mmene kawaya ka pulagi kakuonekera.